Akansalu ndi Manthongo a Sajeni

Ine amphaka sindiwakonda, ndiyambe ndanena zimenezo. Mphaka ndi nyama yoti ukaipatsa chakudya imakuyang'ana ngati wachedwa nacho. Koma alipo mphaka mmodzi amene ndinamulirira misozi yeniyeni, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Si chifukwa cha iye yekha ayi, koma chifukwa cha mwini wake, mnzanga wapamtima amene tonse tinkawatchula kuti Akansalu.

Tinakalambira limodzi pa ntchito, pa sukulu ina ya mkaka. Ine ndinali wa kukhitchini. Ntchito ya Akansalu inalibe dzina lenileni. Aphunzitsi ankaphunzitsa, ine ndinkaphika, ahedi ankasekerera makolo pageti, ndiye chilichonse chotuluka m'thupi la mwana chinali cha Akansalu. Wina wadzikodzera, wina wasanza, wina mamina afika pamlomo akunyambita, mphunzitsi ankangotulutsa mutu pazenera n'kuitana. Iwo ankabwera ndi kansalu kamene sikankachoka m'chiuno mwawo, n'chifukwa chake ana anawapatsa dzinalo. Tinsaluto ankadula ku mashiti akale ofewa, ndipo kamodzi kakagwira mwana mmodzi kankapita m'ndowa. Masana alionse ankawiritsa tinsalu tonseto pa moto wanga, mu poto wakale amene tinkakanganirana chaka ndi chaka, n'kukayanika pa waya kuseri kwa khitchini.

Anali ndi kapukutidwe kawokawo. Mamina akauma pamphuno ya mwana sankawapala. Ankaviika kansalu m'madzi ofunda, kufinya, kukaika pamphunopo, n'kudikira uku akumufunsa mwanayo za nsapato zake kapena za galu wa kwawo. Zouma zija zikafewa ankapukuta kamodzi kokha, mwana n'kuthamanga osadziwa kuti chachitika n'chiyani. Aphunzitsi achitsikana akamukwecha mwana ndi pepala louma mpaka mphuno kufiira, Akansalu ankamutenga mwanayo mwakachetechete n'kunena kuti, "Zikauma musamakande, aphunzitsi, muzinyowetsa kaye."

Mwana wawowawo analibe. Mlamu wawo anamwalira n'kusiya ana awiri, mnyamata atangoyamba sukulu ndi mtsikana wokwawa. Bambo a anawo, mlongo wawo wa Akansalu, anali dalaivala wa mathiraki a maulendo ataliatali, ndipo ulendo wina anakapeza mkazi kumeneko osabwereranso. Panali kalipentala wina amene ankafuna kuwakwatira Akansalu. Anadikira, anadikira, kenako anati sangayambe banja ndi ana a eni, n'kukakwatira kwina. Ndiye anawo anakulira m'manja mwa azakhali awo, m'kanyumba ka sukulu ka zipinda ziwiri kuseri kwa makalasi. Mnyamatayo ndikumukumbuka bwino, mphuno yake inali mpope wosatseka, dzinja ndi chilimwe chomwe. Lero amagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi ndipo amamanga taye ngakhale Loweruka, moti ine ndimangomutchula kuti Wataye. Mlongo wake anatsegula saluni.

Kutatsala zaka zochepa kuti tipume pa ntchito, tinapeza kamphaka kuseri kwa khitchini, pakati pa makatoni. Kanali kochepa kokwana m'dzanja limodzi. Maso onse awiri anali atamatirira ndi manthongo ouma, mphuno itatsekeka ndi mamina olimba ngati nkhanambo, kakupumira pakamwa. Ine ndinati tikasiye, kafa kale aka. Akansalu sananditsutse, anangofunsa kuti, "Asisi, mwatsala madzi ofunda m'ketulomo?"

Anakakulunga m'thaulo mutu wokha uli kunja, n'kukhala nako pa sitepe. Anatenga tinsalu titatu, ka diso ili, ka diso linalo, ndi ka mphuno. Ananyowetsa, anadikira, anapukuta kuchokera kumbali ya mphuno kupita kunja, anapinda kansalu n'kubwereza. Ine ntchito inaima, ndinangoti njo kuonerera. Diso loyamba litatseguka linali lofiira ngati la chidakwa, ndipo kamphakako kanawathokoza powayetsemulira kumaso. Pa mwendo wakutsogolo kanali ndi mizere itatu yakuda, ngati ya pamkono pa msilikali. Ana a sukulu atakaona anati ameneyu ndi Sajeni, dzina n'kukhala lomwelo.

Manthongo aja atabwereranso tinapita naye kwa dokotala wa ziweto, mtsikana wina wodekha amene ali ndi kachipatala kuseri kwa depoti ya mabasi. Anamuunika m'maso, m'kamwa ndi m'makutu.

"Amayi, ichi ndi chimfine cha amphaka," anatero dokotalayo. "Ambiri amachitenga kwa amayi awo ali aang'ono. Vuto lake kachilomboka sikachoka m'thupi, kamangogona. Akachira ndimubaya katemera, koma katemerayo amangochepetsa ukali, sachotsa."

"Ndiye ana a kusukulu kwathu sawapatsira?" anafunsa Akansalu.

"Ayi. Cha amphaka n'cha amphaka, cha anthu n'cha anthu. Inu muzingosamba m'manja mukamugwira, basi."

Anatilangiza kuti m'maso mukamatuluka madzi oyera tizingopukuta ndi madzi owiritsa atazizirako, diso lililonse kansalu kake. Zikasanduka zachikasu kapena zobiriwira, zokhuthala, kapena akamatsinzina diso limodzi, tibwere naye msanga adzalandire mankhwala. Mankhwala a anthu, kaya a m'maso kaya a mutu, anati tisayerekeze, ena amapha mphaka.

"Koma chachikulu ndi mphunoyi," anapitiriza. "Mphaka akapanda kumva fungo sadya, olo mumuikire nsomba yathunthu. Ndiye akakhala masiku osadya chiwindi chimawonongeka. Mphuno izikhala yotsegula, chakudya muzimutenthetsera pang'ono kuti chinunkhire."

"Nanga kachilomboko chimakadzutsa n'chani?"

"Fumbi, utsi, zopoperapopera izi. Koma kwambiri nkhawa. Mphaka sakonda kusamuka, amayi. Mukamusintha nyumba, kapena pakabwera galu, sabata siitha maso ayamba."

Tinaseka njira yonse pobwerera. Mphaka kukhala ndi nkhawa, nkhawa yake iti, amalipira lendi? Ndipo zaka zimene tinatsala nazo pa sukulupo Sajeni analibedi nkhawa. Ananenepa, ankagona pa mpando wa ahedi, makoswe a m'khitchini mwanga anatha psiti. Manthongo ankabwera nyengo yozizira yokha, kwa masiku ochepa, Akansalu n'kupukuta.

Kenako tinapuma pa ntchito, ndipo kanyumba kaja anakafuna eni ake. Ine ndinapita kukachita lendi chipinda chimodzi pafupi ndi msika. Ana a Akansalu anakhala pansi awiriwiri n'kugwirizana kuti azakhali sangakhale okha, aziwasinthana, miyezi ingapo kwa Wataye, miyezi ingapo kusaluni. Anawauza ngati akuwapatsa mendulo. Koma ine ndinaona mmene kusinthanako kunkayendera. Wantchito akathawa kwa Wataye, azakhali ankafunika kwa Wataye. Makasitomala akachuluka kusaluni, azakhali ankafunika kusaluni. Ankabwerekana munthu ngati ayironi, ndipo palibe tsiku limene anawafunsa kuti inuyo mukufuna kukhala kuti.

Ulendo uliwonse katundu wawo anali yemweyo: sutukesi imodzi, fulasiki, chitini cha tinsalu, ndi Sajeni m'basiketi yovundikira akulira njira yonse. Ndipo ulendo uliwonse, monga ananenera dokotala, sabata isanathe maso ankayamba.

Kusaluni ankagona m'kachipinda ka kumbuyo kosungira mataulo. Fungo la mankhwala a tsitsi ndi zopopera linkalowa pansi pa chitseko tsiku lonse, moti ngakhale ine ndikapita kukawaona maso ankandiyabwa. Iwo ankasesa tsitsi, kuchapa mataulo, kuphika. Tsiku lina Sajeni anatuluka n'kukakhala pakhomo la saluni nkhope ili mamina okhaokha, n'kuyetsemula pafupi ndi phazi la mayi wina wovala zodula. Madzulo ake mwini saluniyo, mlongo wake wa Wataye, anawauza kuti, "Azakhali, mphaka wanuyu akundithamangitsira makasitomala. Mwina mubapita kaye kwa achimwene."

Kwa Wataye kunali nyumba yaikulu yosatha kumanga. Fumbi la simenti linali paliponse, ndipo panali galu wamkulu wa unyolo amene ankauwa ngakhale mthunzi wake womwe. Akansalu anawapatsa chipinda cha panja, moyandikana ndi sitolo yosungira zomangira. Ntchito yawo inali kulera mwana wa Wataye, kamnyamata kokoma mtima kamene kanatengera mphuno ya bambo ake. Mkazi wa Wataye, amene ngakhale mlonda wa pageti ankalamulidwa kumutchula kuti Madamu, ankagwira ntchito mu ofesi nayenso.

Akansalu sankadandaula. Ukawafunsa ankati, "Tili bwino, asisi, ana akundisunga." Ndinaphunzira kusamvera pakamwa pawo. Ndikafika ndinkayamba ndayang'ana nkhope ya Sajeni, ndipo inkandiuza zonse zimene mwini wake ankabisa. Dokotala wa ziweto uja nayenso anazolowera. Akangowaona pakhomo ndi basiketi ankati, "Mwasamukanso eti, amayi?" 

Kangapo ndinawapeza m'mawa akumusamalira. Ankathira madzi a m'fulasiki m'kambale, kuyesa kutentha kwake ndi chigongono ngati akufuna kusambitsa khanda, n'kumukulunga Sajeni m'thaulo pamiyendo pawo. Mphuno ikatsekeka kwambiri ankaika beseni la madzi otentha pafupi ndi basiketi yake n'kuphimba zonse ndi bulangete kuti apume nthunzi. Akatero ankanyowetsa, kudikira, kupukuta. Pomaliza ankatenthetsa kansomba pang'ono n'kumuyandikizira pamphuno. Akayamba kudya, iwo ankapumira m'mwamba ngati atula katundu. Ndiye Sajeni akakhuta ankakwera n'kukagunditsa mutu wake pachibwano pawo. Pa anthu onse amene Akansalu anawapukuta pa moyo wawo, amene ankabwerera kudzathokoza anali mphaka ameneyu.

"Ndili ndi chani changa ine?" anandiuza tsiku lina, ndipo kanali koyamba kuwamva akulankhula motero. "Bedi ili ndi la eni, chitseko ichi n'cha eni, ana ndi a eni. Wanga ndi uyu. Akakhala kuti wadya, ine ndagona."

Maso awo nawonso anayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankabisa, ntchito ya Sajeni ankaigwira ndi zala, chifukwa nkhope yake ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Nthawi yomweyo kamnyamata kaja kanayamba sukulu ya mkaka, n'kumabwerako ndi chimfine mwezi ndi mwezi. Aliyense amene anagwirapo ntchito ndi ana amadziwa kuti chaka choyamba chimakhala chotero, ana amapatsirana okhaokha. Koma Madamu anali atapeza kale wolakwa.

"Azakhali, mwanayu sakuchira chifukwa cha chimphaka chanucho. Mukuchigwira manthongo, kenako mukugwira mwana wanga."

"Ndimasamba m'manja, mayi. Ndiponso adokotala anati cha amphaka sichigwira anthu."

"Dokotala wa agalu angadziwe chani za mwana wanga?"

Wataye ankamva zonsezi koma sankalowererapo, ankangoyang'ana pafoni. Tsiku limene azakhali ake anaveka mwana juzi chotembenuza n'kupita naye kusukulu, ndi pamene anazindikira kuti sakuona. Ndinene chilungamo, anathamangathamanga mpaka anawapezera malo kuchipatala kuti akawachotse ng'alayo. Kaya chinamuthamangitsa chinali chikondi kaya mantha osowa wolera mwana, zimenezo adziwa ndi mtima wake.

Ine ndinadzipereka kuti Sajeni adzakhale kwanga masiku amenewo, ngakhale sindikonda amphaka. Akansalu anakana.

"Kumusamutsanso? Wangokhazikika kumene, asisi. Ndi masiku awiri okha. Akhale m'chipinda chake chomwechi, ndimusonyeza mwanayu kachitidwe kake."

Ndinalipo pamene anamuitana Wataye. Anabwera ataima pakhomo la kachipindako, foni m'manja.

"Mwanangu, chibadwire chako sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikupempha ichi. Bwera pafupi uone."

Anamusonyeza zonse mwapang'onopang'ono, monga ankachitira ndi aphunzitsi atsopano. Madzi akhale ofunda chonchi. Kansalu aka n'ka diso ili, aka n'ka diso linalo, aka n'ka mphuno. Ukapeza zauma usakande, uike kansalu konyowa, udikire zifewe. M'mawa ndi madzulo. Chakudya utenthetse. Akapanda kudya tsiku limodzi uwaitane asisiwa. Tinsalu anali atawiritsa, kusita ndi kupinda, chitini chodzaza.

"Ndamva, azakhali. Musadandaule, n'zophweka izi," anatero Wataye.

Masiku awiri aja anatalika. Kuchipatala anawapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri ndipo shuga wakwera, ndiye anawagoneka kuti zitsike kaye asanagwire diso. Sabata inatha ali pabedi. Ndikapita kukawaona sankafunsa za diso lawo, ankangoti, "Mwapitako kwa Sajeni?" Ndinapitako kawiri konse. Mlonda anandibweza pageti, anati Madamu analamula kuti kusalowe munthu iwo kulibe, ndipo mphakayo ali bwino, anamugulira chakudya cha m'sitolo cha m'thumba, chodula.

Tsiku limene anawachita opaleshoni, Wataye anabwera madzulo ndi maluwa. Munthu diso lili ndi bandeji, linalo lili ndi ng'ala, iye kubweretsa maluwa.

"Sajeni akudya?" anafunsa Akansalu asanamulonjere n'komwe.

"Chakudya ndiye chilipo chambiri, azakhali. Tinamuthirira beseni lonse, mpaka pano silinathe."

"Silinathe?" Anadzuka n'kukhala tsonga. "Lachepako?"

"Aaa, sindinayang'anitsitse. Koma njala ndiye sangafe nayo, chakudya chili pomwepo."

Iye ankaona ngati wanena zowakhazika mtima pansi. Akansalu anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zala zawo zinandilowa. Ndinapita komweko dzuwa lisanalowe, ndinagogoda geti, ndinakalipa mpaka anthu oyandikana nawo anasuzumira. Mlonda anandiuza mwaulemu kuti ngakhale atandilowetsa sizithandiza, mphaka anamutsekera ndipo kiyi ali m'chikwama cha Madamu, amene apita ku msonkhano wa kuntchito abwera mawa.

M'mawa mwake anawamasula bandeji. Anaphethira, anayang'ana pazenera, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Asisi, mwakalamba chonchi osandiuza?"

Tinaseka pang'ono, ndipo kuseka komaliza kunali komweko. Anakana kudikira galimoto ya Wataye, tinakwera basi. Njira yonse ankaona zinthu zimene anali atasiya kuziona, zikwangwani, masamba a mitengo, nkhope za anthu.

Tinapeza Madamu atabwera. M'chipinda cha Akansalu munalibe mphaka, munkanunkha mankhwala ophera tizilombo.

"Tinamuika kusitolo, azakhali, kuti asayandikire mwana. Kuchipinda kwanu tinapopera, nakonso kusitoloko tinapoperako pang'ono kuti majeremusi afe."

Anatsegula loko. Munali matumba a simenti, zitini za penti, mawilibala, ndi fumbi loti ukaponda phazi limatsala. Pakati panali beseni lodzaza timibulu touma, nyerere zili nyakanyaka. Pazenera panali chitini cha tinsalu chija, chivundikiro chake chili ndi fumbi losagwidwa ndi chala. Sajeni tinamupeza kuseri kwa matumba atagona chammbali. Nkhope yake sinkaonekanso kuti maso ali pati, mphuno ili pati. Zonse zinali chinkhanambo chimodzi chachikasu chosakanikirana ndi simenti, kukamwa kuli yasa, nthiti zikuwerengeka.

Diso latsopano lija, chinthu choyamba chimene linaona bwinobwino pakhomo pamenepo chinali chimenechi. Akansalu sanakuwe. Anagwada, anamunyamula, n'kunena kuti, "Asisi, tenthetsani madzi."

Dokotala wa maso anali atawaletsa kuwerama ndi kukhala pafumbi. Anawerama. Anakhala pa sitepe ya kachipinda kawo monga anakhalira tsiku lija kuseri kwa khitchini yanga, n'kuyamba kunyowetsa. Zinatenga nthawi yaitali, madzi ndinasintha kangapo. Mphuno itatseguka panatuluka mafinya ndi timagazi. Diso limodzi linatseguka n'kuwayang'ana. Linalo linali litayera, lili ndi chilonda pakati. Anamutenthetsera kansomba n'kumuyandikizira. Ananunkhiza, anatembenuza mutu.

Dokotala wa ziweto sanafunse za kusamuka ulendo umenewu. Anapinda khutu la Sajeni n'kutisonyeza m'kati, munali mwachikasu, nkhama zakenso chimodzimodzi. Anati chiwindi chagwidwa kale. Anayesa, anamuika madzi a m'botolo, anamubaya mankhwala, anamudyetsa ndi kapaipi. Mawa lake masana Sajeni anafera pamiyendo pa Akansalu, nkhope yake ili yoyera bwino, chifukwa anali atamupukuta m'mawa umenewo monga mwa masiku onse.

Madzulo Wataye anabwera ku kachipinda kaja, taye ili pakhosi.

"Pepani, azakhali. Koma ndi mphaka chabe. Tikupezerani wina wabwinobwino, wopanda matenda."



"Ine ndinayesa," anapitiriza. "Tsiku loyamba ndinalowa, ndinamugwira. Koma zinthu zija zinali zitatuluka zambiri, zikutanuka. Ndinanyansidwa, azakhali, sindinama. Si aliyense angathe zimene zija."

Apa ine magazi anandiwira. "Iwe, wanyansidwa? Mphuno yako ija ukuikumbuka? Amene ankakuyamwa mamina ndi pakamwa uli kugona mphuno itatsekeka anali ndani? Amene..."

"Musiyeni, asisi," anandidula Akansalu, mawu ali pansipansi. "Wanena zoona mwanayu. N'zonyansadi. Zinali zonyansa kuyambira kalekale."

Wataye anaima kanthawi, anakonza taye, n'kubwerera m'nyumba yaikulu. Sajeni tinamukwirira kuseri kwa mpanda, mlonda ndiye anatikumbira. Akansalu anamukulunga m'thaulo lake, kenako anatsegula chitini chija n'kukhuthulira tinsalu tonse m'dzenjemo. Anasolola ndi ka m'chiuno komwe n'kuponyamo.

Akanakhala ndi kopita akanapita. Ndinawapempha kuti tidzapanikizane m'chipinda changa, koma mwini nyumba wanga salola munthu wachiwiri, ndipo iwo sanafune kundiika m'mavuto. Anakhalabe kwa Wataye. Ankaphika, ankasesa, ankaperekeza mwana kusukulu. Ukawafunsa anasiya kunena kuti ana akundisunga, ankangoti, "Tilipo."

Patapita milungu ingapo, nyengo yozizira itafika, ndinapita kukawaona Loweruka lina masana. Tinakhala pa sitepe ija tikuothera dzuwa. Wataye anali pakhonde la nyumba yaikulu akuwerenga za pafoni, Madamu atachokapo. Kamnyamata kaja kanatulukira kakuthamanga, chimfine chitakagwiranso. Mamina anali atauma kuyambira pamphuno mpaka pamlomo, ena atsopano akutsikira pamwamba pake. Kanafika pamaondo pa Akansalu n'kutukula nkhope, maso katatsinzina, monga kanazolowera chibadwire.

"Agogo, mphuno."

Dzanja la Akansalu linapita lokha m'chiuno. Linapeza palibe kanthu. Pa waya pomwepo panali mataulo oyera, fulasiki inali pambali pawo, sizikanawatengera nthawi. Koma dzanjalo analibweza n'kulikhalira. Mwana ameneyu ankamukonda, ndikudziwa, ndipo analibe mlandu uliwonse. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chimenecho.

"Pita kwa adadi ako," anatero.

Mwanayo anatsegula maso modabwa, anawayang'ana, kenako anapita pakhonde akukoka miyendo. Wataye anasolola pepala louma m'thumba, anamugwira mwanayo kumutu n'kuyamba kukwecha. Mwana anakuwa. Zouma zija zinakana kuchoka, khungu la pansi pa mphuno linafiira, pepala linang'ambika n'kumatirira pamlomo. Anatenga lina, mwana anayamba kupalapata akuitana agogo. Wataye anatukula mutu n'kuyang'ana kumene tinakhala.

"Azakhali, kodi paja mumatani zikauma chonchi?"

Akansalu anali atakhalira manja onse awiri. Diso latsopano lija linkatuluka misozi, ikutsikira patsaya mpaka pachibwano, ndipo sanaipukute.

"Ndinakusonyeza kale," anatero.